TURBO M'GALIMOTO YA AGOGO: WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

 Uthenga uwu ndi wautali, ndiye amene muli pa thandala kuyanika usipa muusunge kaye, muwerenge madzulo. Ndabwera kudzatsutsa nkhani imene ambiri mwa inu mwakhala mukuiombera m'manja pa gulu lathu sabata yonseyi, yakuti galimoto yakale ilibe ntchito mpaka munthu aizule injini yake n'kuikamo ya turbo yochokera ku Japan. Ine ndikukana. Liwiro ndimalikonda ngati inu nomwe, ndipo zinthu za atsamunda sindizipembedza. Ndikukana chifukwa ndine mwana wa msodzi, ndipo chinthu choyamba chimene mwana wa msodzi amaphunzira n'chakuti injini payokha si boti.

Kwa amene simunaone zithunzi zija, nkhani yake ndi iyi. Kuno ku Makwasa, m'minda ya tiyi ya ku Thyolo kumene ndikugwira ntchito masiku ano, kwapezeka kagalimoto ka mipando iwiri, ka denga la nsalu, ka mtundu wa MGB. Kakhala zaka zambiri m'shedi, nkhuku zikuikira mazira pampando. Mnyamata wina wochitako bwino, dzina sinditchula, wakagula. Injini yake sinagwirane, ukaizunguza ndi sipanala ikuzungulira, kungoti ikufunika kuitsegula ndi kuikonza. Koma iye akuti alibe nthawi ya zimenezo. Akufuna aitanitse injini ya Nissan yotchedwa SR20DET, ija imakhala mu Silvia, adule pofunika kudula, awotcherere pofunika kuwotcherera, basi alowe mumsewu. Ndipo inu amwene mukuti, "Dolo ameneyo!" Tiyeni tikambirane.

*TIYAMBE NDI MANAMBALA*

Tisanakangane, tiidziwe kaye galimotoyo. MGB inkapangidwa m'tauni ya Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo anapanga zoposa 500,000. Injini yake ndi ya 1798cc, masilinda anayi, makabuleta awiri a SU, ndipo ili yatsopano inkatulutsa mahosipawa pafupifupi 95. Galimoto yonse imalemera pafupifupi tani imodzi. Kutsogolo ili ndi mabuleki a disiki, kumbuyo a dilamu. Masipuling'i a kumbuyo ndi a mapale aja, ngati a pikapu yonyamula nsomba. Ilibe ABS, ilibe airbag, ilibe kompyuta yoigwira ikayamba kutsetsereka monga zimakhalira m'magalimoto a masiku ano. Ndipo chachikulu, ilibe chasisi chapadera ngati Land Rover kapena Hilux. Thupi lake lomwelo ndiye mafupa ake, ndipo kulimba kwake kwambiri kuli m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, zomwe ndi malo oyamba kudyedwa ndi dzimbiri. Tsono ganizirani zaka zimene yakhala m'chinyezi cha ku Thyolo kuno, kumene chiperoni chimanyowetsa ndi zovala zimene zili m'nyumba.

SR20DET ija, malinga ndi Silvia imene yachokerako, imatulutsa mahosipawa pakati pa 200 ndi 250. Ndiye kuti mukutenga thupi limene analiyezera 95, lomwe lapyola kale zaka 40, n'kulisenzetsa mphamvu yowirikiza kawiri ndi kupitirira apo. Kilatchi, giyabokosi, pulopela shafiti, difu, mashafiti opita ku matayala, malo omangirapo masipuling'i, zonsezi anaziyezera mphamvu yakale ija. Mukati, "Giyabokosi tiika ya Nissan yomweyo," vuto silinathe, mwangolikankhira kumbuyo kwa difu. Mukasintha difu, mwalikankhira ku zitsulo za thupi. Mphamvu ili ngati madzi m'boti, imafunafuna pofooka mpaka ipapeze.

*INU NOMWE MUMAZIDZIWA IZI*

Chikundidabwitsa n'chakuti inu a kunyanja, amene nkhaniyi mumaidziwa kuposa wina aliyense, ndinu amene mukuchemerera kwambiri. Tengani boti la matabwa limene mmisiri analikhomera Yamaha ya 15. Mwini zida wapha usipa bwino nthawi ya mdima, ndalama zamuyabwa, wakagula ya 40 kuti azikafika pa malo a kauni anzake asanafike. Chimachitika n'chiyani? Ya 40 imalemera pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi ya 15, ndiye boti limakhala pansi kumbuyo, mutu m'mwamba. Thabwa la kumbuyo lomangirapo injini limayamba kugwedera, misomali imalekerera, phula limang'ambika, mnyamata wokapa madzi sapumanso. Ukachepetsa moto mwadzidzidzi, funde lako lomwe limakutsatira n'kulowera chakumbuyo. Tsiku la bata zonse zimaoneka bwino, anthu pa doko amaimba mluzu. Tsiku la mwera ndi pamene boti limanena chilungamo.

Bambo anga akamva kuti wina akufuna injini yaikulu, mtengo sankafunsa. Ankangoti, "Boti lake liti?" Mmisiri wanzeru ukamuuza kuti ukufuna ya 40 amakuyankha kuti ukhome boti lina, lalitali, la nthiti zambiri ndi thabwa la kumbuyo lochindikala. Palibe pa doko amene amamutcha wachikale chifukwa cha mawu amenewo. Nanga bwanji nkhani ikafika pa galimoto, nzeru yomweyi mukuitcha mantha?

*TURBO SI CHOKONGOLETSERA*

Ambiri a ife chimene timadziwa ndi kaphokoso kaja ka "psssh" Subaru ikamasintha giya pa Ginnery Corner. Koma turbo n'chiyani kwenikweni? Ndi timawilo tiwiri ta mapiko pa kachitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka m'injini umazunguza kamodzi, ndipo kenako kamapopera mpweya wochuluka m'masilinda kuti mafuta ambiri apse nthawi imodzi. Kachitsuloko kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo ukaiponda nthawi yaitali mbali ya utsi imatentha mpaka kufiira. Chimene chimakasunga ndi oyilo wabwino, woyera, wosinthidwa pa nthawi yake. Oyilo wa m'mabotolo a Sobo wogula pamsewu, iwalani.

Kutenthako kuyenera kupita kwinakwake. Mpweya wopopedwa umatentha, ndiye pamafunika intercooler youziziritsa. Madzi a injini amatentha kwambiri, ndiye pamafunika rediyeta yaikulu. Zonsezi zikulimbirana kamphuno kakang'ono ka MGB, kamene anakapangira rediyeta imodzi ya injini yofatsa. M'kati mwa boneti mukakhala ngati uvuni wa mandasi, mawaya amauma, mapaipi amang'aluka.

Bwerani ku mafuta. Injini imeneyi ku Japan anaipangira petulo wa octane yokwera. Kuno pa pampu petulo ndi wa mtundu umodzi, ndipo akasowa, monga tonse tinaonera mizere ija ya 2022, 2023 ndi 2024, timagula wa m'zigubu amene sitidziwa kuti wathiridwa chiyani. Injini yakale ya kabuleta ikamwa petulo woipa imatsokomola n'kupitiriza ulendo. Ya turbo ikamwa petulo woipa uku ukuiponda, imagogoda m'kati, pisitoni imasweka, maliro a injini pomwepo. Onjezani apo kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amadya mapaipi a labala achikale. Pampu ya MGB imakankha mafuta pang'onopang'ono kupita ku makabuleta. Injini ya ma injector imafuna pampu yokankha mwamphamvu kuposa pamenepo kakhumi ndi kupitirira. Paipi yakale ikaphulika pafupi ndi turbo yofiira, m'galimoto ya denga la nsalu, sindikufunika kukuuzani chotsatira.

Ndiye pali kompyuta bokosi, masensa ndi mtolo wa mawaya. Sensa imodzi ikafa uli pa Thekerani, nani ali ndi makina oiwerenga? Walira mvula walira matope, amwene. Amene akufuna turbo akufunanso zonsezi, afune asafune.

*MSEWU WAKE UTI?*

Apa ndiye mtima wanga uli. Amene simunafikeko kuno, msewu wochoka pa boma la Thyolo kudutsa pa Makwasa kulowera ku Thekerani ndi wa makona, zitunda ndi zitsetso, chifukwa ukulunjika ku chigwa cha Shire. M'mawa m'mphepete mwake mumakhala othyola tiyi ndi madengu kumsana, mathirakitala okoka ngolo za masamba kupita ku fakitale, ana a sukulu, a kabaza, amayi osenza nthochi, ndi odwala opita ku chipatala cha Malamulo. Chiperoni chikatsika, suona ndi mamita 30 omwe kutsogolo, ndipo phula limaterera ngati mlamba.

Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti galimoto iime umawirikiza kanayi. Amenewo si maganizo anga, ndi Physics ya ku sekondale. Ngati pa 60 ukufuna mamita 20, pa 120 ukufuna mamita 80, ndipo apo tikunena pa msewu wouma ndi matayala abwino. Pa chitsetso chachitali mabuleki ang'onoang'ono amatentha n'kuyamba kulekerera, phazi lili pansi koma galimoto ikungopita. Ndiponso turbo ili ndi khalidwe lake: ukaponda imayamba yazengereza, kenako mphamvu imabwera yonse pakamodzi. Ikakubwerera uli pakati pa kona yonyowa, m'galimoto yopepuka yokankha ndi matayala a kumbuyo, pa masipuling'i a mapale, popanda kompyuta yokuthandiza, kumbuyo kumafuna kukhala kutsogolo.

Wina pa gulu analemba kuti, "Ndi ndalama zake, musiyeni." Ndalama ndi zake, zoona. Koma msewu si wake. Mayi amene akupita kukathyola tiyi 6 koloko m'mawa sanafunsidwe ngati akuvomera kukhala mbali ya masewera amenewa. Pa nyanja munthu akaika injini yoposa boti amamira ndi alovi ake, ndipo mudzi wonse umamudzudzula. Pa msewu amatenga ndi anthu amene sanakwere n'komwe. Komanso dziwani ichi: MGB ndi injini yake yakale yomweyo, ikakhala bwino, imapitirira makilomita 160 pa ola. Palibe msewu m'Malawi muno umene lamulo limalola liwiro limenelo. Tsono mahosipawa ena 150 owonjezerawo akagwire ntchito kuti?

*"KOMA AZUNGU ENI AKE AMASINTHA"*

Eya amasintha, ndipo mbiri yake ndaiwerenga. Imvereni bwino, chifukwa ili mbali yanga.

Mu 1962 Carroll Shelby wa ku America anagwirizana ndi kampani ya AC ya ku England, anatenga kagalimoto kawo kotchedwa Ace n'kuikamo V8 ya Ford. Ndiyo Cobra imene mumaiona pa YouTube. Koma kuyambira pachiyambi analimbitsa difu ndi zina za kumbuyo. Ndipo atafuna kuika injini yaikulu ya malita 7 mu 1965, sanangowotcherera. Anapanga chasisi chatsopano cha mapaipi okulirapo, anasintha masipuling'i onse, anakulitsa thupi kuti matayala aakulu alowe. Kunena mwa kwathu, anakhoma boti lina.

Kampani ya MG yomweyo inayesa kawiri pa thupi la MGB. Mu 1967 anatulutsa MGC, ya masilinda 6, pafupifupi malita 3. Injiniyo inali yolemera kuposa yakale ndi makilogalamu oposa 90, ngati kuika matumba awiri a chimanga pamphuno pa galimoto. Anasintha masipuling'i a kutsogolo, anaika mawilo okulirapo, komabe olemba nkhani za magalimoto anaidandaula kuti pa kona inkafuna kupita molunjika. Inatha mu 1969, atapanga pafupifupi 9,000 zokha. Mu 1973 anayesanso ndi V8 ya Rover ya malita 3.5, ndipo apa zinayenda, chifukwa injiniyo ndi ya aluminiyamu, siinkalemera kuposa yakale ija. Ngakhale apo anaisiya pa mahosipawa 137, anasintha difu, analimbitsa masipuling'i ndi mabuleki.

Mwamva? Fakitale yeniyeni, ya mainjiniya ake, ya ndalama zake, pa thupi latsopano lopanda dzimbiri, inalephera kamodzi, ndipo pamene inapambana inaima pa 137. Ife tikufuna 250 pa thupi la dzimbiri, pansi pa mtengo wa mango, ndi makina owotcherera obwereka.

Musandimve molakwa, sindikunyoza amakaniko athu. Amakaniko a ku Ndirande ndi ku Limbe angathe kulowetsa injini iliyonse m'galimoto iliyonse, ndawaona ndi maso anga. Koma afunseni iwo omwe za ma Land Rover akale amene anaikidwa injini za dizilo zamphamvu za ku Japan. Akuuzani kuti mashafiti a kumbuyo amathyoka, giyabokosi imalira. Kulowetsa injini ndi ntchito ina, kuti galimoto yonse igwirizane nayo ndi ntchito inanso.

*"NANGA ILALA?"*

Mnzanga wina wa ku Monkey Bay anandiponyera funso labwino: Ilala sinasinthidwe injini? Inasinthidwa ndithu. Ilala anaipanga a Yarrow ku Glasgow mu 1949, inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndipo injini zimene ili nazo lero si zimene inabwera nazo. Chauncy Maples, imene inalowa m'madzi mu 1901 ikuyendera nthunzi ndi nkhuni, anaiika injini ya dizilo mu 1967. Koma dzifunseni chifukwa chake. Anasintha kuti sitimazo zipitirize kunyamula anthu ndi katundu, zisamafe panjira, mafuta ndi zipangizo zizipezeka. Palibe amene anaika injini mu Ilala kuti izikafika ku Likoma ikuuluka ngati sipidiboti. Anafuna mphamvu yolingana ndi thupi, shafiti ndi pulopela.

Ndiye kusintha injini pakokha si tchimo. Peugeot 504 kapena Datsun yonyamula nsomba kuchoka ku Mangochi kupita ku Limbe, injini yake ikafa n'kusowa zipangizo, kuiika ina ya mphamvu yofanana nayo ndi nzeru, chifukwa banja likudya pamenepo. Chimene ndikutsutsa ndi kuzula injini yamoyo pofuna phokoso ndi ma likes.

Wina anatinso Thyolo ili pamtunda, mpweya ndi wopepuka, ndiye turbo imathandiza. N'zoona. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse amene wakwera. Ndiye kuno MGB ingataye mahosipawa 8 kapena 10. Mwataya 10, mukubwezera 150? Ameneyo ndi munthu wopha udzudzu ndi nkhafi.

*"ZIPANGIZO ZAKE KULIBE"*

Ili ndiye bodza lalikulu pa onse. Mwa magalimoto onse akale a mtundu umenewu, MGB ndi imodzi mwa zosavuta kupezera zipangizo, chifukwa anazipanga zambiri ndipo anthu akuziyendetsabe. Ku England kampani ya British Motor Heritage inayamba kupanganso matupi atsopano a MGB mu 1988. Mapisitoni, maling'i, mabering'i, magasiketi, zida za makabuleta a SU, zonse zikugulitsidwabe, ndipo ku South Africa kuli magulu a eni ake a MG. Nonsenu muli ndi achibale ku Joni amene amatumiza katundu pa basi mwezi ndi mwezi. Kabokosi ka maling'i ndi magasiketi n'kopepuka kuposa ma speaker amene mumaitanitsa.

Injiniyo ndi yachitsulo, yosavuta, yopanda kompyuta. Malo okonzera injini ku Blantyre angathe kuibowola ndi kupala kirankishafiti yake ngati mmene amachitira ndi injini zina zonse zakale. Amadala amene anakulira pa Morris ndi Austin akadalipo, amatchuna makabuleta ndi khutu. Luso limenelo lili pompano ndipo likufa ndi eni ake chifukwa ife achinyamata tikuti zonse zikhale "plug and play". Pamene SR20DET nayo, musaiwale, inasiya kuikidwa mu Silvia mu 2002. Mukuzula nkhalamba imene mukuidziwa n'kuika wachikulire wina amene simudziwa kuti anyamata a drift ku Japan anamuzunza bwanji.

*NDALAMA NDI MAPEPALA*

Amene akuwerengera mtengo wa injini yokha akudzinamiza. Lembani pa pepala: injini, giyabokosi, kompyuta ndi mawaya ake, intercooler, rediyeta, pampu ndi mapaipi a mafuta, ekizozi, pulopela shafiti yodulira, difu, mabuleki, mashokabu, matayala, kutumiza kudzera ku Dar es Salaam, msonkho wa MRA. Zambiri mwa izi n'zogula ndi madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ntchito yoyamba ndi bajeti ya lero imatha ndi mitengo ya chaka chamawa. Ndipo ndikuuzeni mmene zimathera nthawi zambiri: ndalama zimathera pa injini, mabuleki amati "tidzaona". Kapena galimoto imakhala pa mathanthwe, thupi lodulidwa, injini yakale itagulitsidwa kwa a zitsulo pa kilo. Yendani m'magalaja a m'tauni muwerenge magalimoto amene anafa ndi mawu oti "project".

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto ngati iyi mtengo wake uli pa kukhala yeniyeni. Wogula wodziwa, kaya wa ku Lilongwe kaya wa ku Johannesburg, amayamba wayang'ana ngati injini ndi thupi ndi za mtundu wake. Ukadula thupi, sudzalibwezanso mmene linalili. MGB zimene zatsala m'Malawi muno si zambiri, pamene Vitz ndi Sienta zikulowa pa Songwe tsiku ndi tsiku. Wofuna liwiro agule Subaru kapena Mark X, imene inabadwa ndi mabuleki ake, ABS yake ndi ma airbag ake.

Za mapepala nazo musazipeputse. Nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto ku Road Traffic. Ukasintha injini uyenera kukasinthitsa zolembedwazo, galimoto ipimidwe, COF ituluke moyenera, ndipo a inshuwalansi auzidwe chimene chili pansi pa boneti. Ukabisa, tsiku la ngozi udzapezeka uli wekha, ndi banja la wovulala pakhomo pako.

*NDIYE ACHITE CHIYANI?*

Sindine wongotsutsa osapereka njira. Galimotoyo ikanakhala yanga, ndondomeko ikanakhala iyi, ndipo dongosolo lake ndi lomweli, osadumpha.

1. Thupi. Kugogoda zitsulo za m'munsi mwa zitseko, pansi pa mipando ndi pomangira masipuling'i. Podyedwa padulidwe, paikidwe chitsulo chenicheni, osati kumata ndi filler.

2. Mabuleki. Mapaipi onse atsopano, masilinda, mapadi, mashuzi, mafuta a mabuleki atsopano.

3. Matayala atsopano. Tayala lokhala m'shedi zaka zambiri, ngakhale mapanga ake akuoneka, ndi lakufa.

4. Mashokabu, mabushi ndi chiwongolero.

5. Thanki itsukidwe, mapaipi a mafuta akhale opirira ethanol, mawaya akale aonedwe, malamba a pampando aikidwe abwino.

6. Rediyeta itsukidwe kapena ipangidwenso.

7. Tsopano injini yake yomweyo: kuitsegula, kuibowola ngati pakufunika, maling'i, mabering'i, mavavu, makabuleta. Wofuna kuwonjezera pang'ono aike ignition ya magetsi m'malo mwa ma points ndi ekizozi yopuma bwino.

8. Mapepala.

Akamaliza zimenezi ayendetse chaka chathunthu, akwere Zomba, azungulire Mulanje, atsikire kwathu ku Mangochi denga lili chotsegula. Akadzabwera n'kunena kuti mphamvu ikuchepabe, tidzakhale pansi tikambirane za injini ina yopepuka, ya mphamvu yosapitirira imene fakitale inayesa, yolowa popanda kudula thupi, ndipo yakaleyo isungidwe pouma. Koma ndikukayika ngati adzabwere. Kukoma kwa galimoto yotere ndi kupepuka kwake, kulira kwa makabuleta, ndi kumva msewu m'manja pa liwiro loti ukhoza kuima mwana akadumphira pamsewu.

Amwene, matendawa sali pa magalimoto pokha. Timagula foni ya kamera zinayi tilibe ya bandulo. Timagula ya 40 boti likudontha. Timakonda chinthu chimene chimamveka patali, ndipo zosaoneka zimene zimasunga moyo, nthiti za boti, mabuleki, jekete lodzitetezera m'madzi, timati tidzagula mwezi wamawa. Kuthamanga si kufika, akuluakulu ananena kale.

Amene mukutsutsa, bwalo ndi lanu, yankhani pa gulu. Koma musanditumizire vidiyo ya galimoto ikufuka utsi m'matayala ku Japan. Ndiyankheni mafunso atatu okha: mabuleki ake ati, petulo wake uti, msewu wake uti? Amene ali ndi mayankho atatuwa ndimugulira chambo chowotcha ndikabwera pa Khirisimasi.

Tumizani kwa mnzanu aliyense amene ali ndi galimoto ya agogo ake pakhomo ndipo wayamba kuyang'ana mitengo ya injini pa intaneti. Mupereke moni kwa amadala onse pa doko, muwauze kuti tiyi wa kuno ndi wokoma koma usipa wofutsa ndausowa.